Kobiri Limodzi pa Paundi: Mbiri ya Khonsolo ya Cambridgeshire ndi Midzi Yace

Aphunzitsi anzanga, pamene tiphunzitsa mbiri ya maiko tikonda kuchula nkhondo, mafumu ndi malamulo akulu. Ana azikonda nkhani zotere, ndipo ifenso sizitivuta kuzilemba pa bolodi. Koma kuli mbiri yina imene sitiichula kawirikawiri, ndiyo ya anthu okhala pa gome m'cipinda ca komiti, ali kuwerenga mapepala a ndalama ndi kutsutsana ngati mlatho wakuti ukonzedwe caka cino kapena caka camawa. Mwana wa kumudzi akaoloka mtsinje bwino m'dzinja, nafika pa sukulu yosadontha, napeza mphunzitsi amene walandira malipiro ace, kawirikawiri ciyambi ca zonsezo cipezeka m'cipinda cimeneco. M'nkhani ino tiona mbiri ya khonsolo imodzi ya ku England, ya cigawo ca Cambridgeshire, ndi m'mene zigamulo zace za msonkho, za sukulu ndi za malo zinasinthira moyo wa m'midzi yace.

Ciyambi ca makhonsolo

Dziko la England linagawidwa kalekale m'zigawo zochedwa county, zimene tingaziyerekeze ndi maboma athu. Cambridgeshire ili cakumpoto kwa London. Ndi dziko lathyathyathya la minda ya tirigu ndi midzi ing'onoing'ono yambiri, ndipo mzinda wace ndiwo Cambridge, wochuka cifukwa ca yunivesite yace.

Kufikira caka ca 1889 zigawo zimenezi sizinali ndi anthu osankhidwa oziyendetsa. Mphamvu zinali m'manja mwa oweruza milandu osalandira malipiro, oikidwa m'dzina la ufumu, ndipo ambiri a iwo anali eni minda yaikulu kapena abusa a mpingo wa boma. Iwo anali kukomana kanai pa caka. Atatha kuweruza akuba ndi omenyana, anali kutembenukira ku nkhani za milatho, apolisi ndi nyumba zosungiramo odwala misala, naika msonkho woti anthu apereke. Ambiri a iwo anali osamala ndalama ndithu, koma mlimi wopereka msonkhowo analibe njira yowacotsera akalakwa.

M'caka ca 1888 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti cigawo ciri conse cikhale ndi khonsolo yosankhidwa ndi opereka msonkho. Cisankho coyamba cinacitika mu January 1889, ndipo makhonsolo anayamba nchito pa 1 April caka comweco. Makhansala anali kusankhidwa zaka zitatu ziri zonse. Akazi osakwatiwa opereka msonkho analoledwa kusankha nao, koma sanaloledwe kukhala makhansala kufikira 1907. Nchito zoyamba za khonsolo zinali miseu yaikulu, milatho, nyumba za odwala misala, ndi apolisi, amene inali kuwayang'anira pamodzi ndi oweruza aja. M'caka ca 1894 kunaikidwanso makhonsolo ang'ono a madera a kumidzi ndi a mudzi umodzi umodzi, osamala za madzi, ukhondo ndi tinjira.

Za msonkho ndi bajeti

Tisanapitirire tiyenera kumvetsa bwino kumene ndalama zinali kucokera, pakuti nkhani yonse yatsamira pamenepa. Nyumba iri yonse, sitolo, fakitale ndi munda zinali kuyesedwa mtengo wace, ndiwo ndalama zimene mwini akadalandira pa caka akadazicititsa lendi. Msonkho unali kuwerengedwa pa paundi iri yonse ya mtengowo. Masiku amenewo paundi inali ndi masheleni 20, ndipo sheleni inali ndi makobiri 12, monga zinaliri kwathu kuno kwacha isanadze mu 1968. Tiyerekeze nyumba yoyesedwa mapaundi 12 pa caka. Msonkho ukakhala masheleni 10 pa paundi, wokhalamo apereka mapaundi 6. Khonsolo ikaonjeza kobiri limodzi pa paundi, iye aonjeza makobiri 12, ndiyo sheleni imodzi.

Cifukwa ca ici khansala ali yense anali kudziwa pamtima ndalama zimene kobiri limodzi pa paundi lingasonkhanitse m'cigawo conse. Munthu akabwera ndi maganizo akuti timange cakuti, funso loyamba linali lakuti, zimenezi zidya makobiri angati? Apa mpamene panaonekera kusiyana kwa zigawo. Cigawo ca mafakitale ndi nyumba za mtengo wapatali cinali kupeza ndalama zambiri pa kobiri limodzi, pamene cigawo ca timidzi ta anthu olima minda ya eni cinali kupeza zocepa. Kuti zonse ziwiri zimange sukulu yofanana, anthu osauka ndiwo anali kuikiridwa makobiri ambiri.

Zigawo za alimi zinali ndi bvuto linanso. Pofuna kuthandiza alimi pa nthawi imene mitengo ya tirigu inagwa, boma la ku London linalamula mu 1896 kuti minda izilipira theka lokha la msonkho. Mu 1923 linatsitsanso kufika pa gawo limodzi la magawo anai, ndipo mu 1929 linacotseratu msonkho pa minda. Boma linali kubwezera makhonsolo ndalama zina m'malo mwace, koma ici cinacititsa kuti cigawo conga Cambridgeshire cizidalira kwambiri thandizo locokera ku likulu. Lamulo lomwelo la 1929 linasenzetsanso makhonsolo a zigawo katundu wina, ndiye kusamala amphawi ndi miseu ya m'madera a kumidzi.

Kagwiritsidwe ka ndalamazo kanali ndi malamulo olimba. Lamulo la 1888 linati khonsolo iri yonse ikhale ndi komiti ya za cuma, ndi kuti ngongole kapena nchito yoposa mapaundi 50 isabvomerezedwe komitiyo isanabweretse ciwerengero cace. Caka ca ndalama cinali kuyamba pa 1 April. Miyezi ingapo tsikulo lisanafike, komiti ya miseu, ya maphunziro ndi enawo anali kulemba zosowa zao, komiti ya za cuma inali kudula apa ndi apo, ndipo khonsolo yonse inali kukhala pansi ndi kuika msonkho wa cakaco. Pambuyo pace kunali kubwera wofufuza mabuku wa boma, amene anali ndi mphamvu yolipiritsa makhansala kucokera m'matumba mwao ngati anaononga ndalama mosatsata lamulo.

Sukulu zilowa m'manja mwa khonsolo

Makhonsolo anayamba kukhudza maphunziro m'njira yoseketsa pang'ono. Mu 1890 boma linaonjeza msonkho pa mowa ndi colinga colipira eni nyumba za mowa zimene zikatsekedwe. Aphungu anakana zolipira anthu otere, ndipo ndalamazo zinapatsidwa kwa makhonsolo, amene analoledwa kuzigwiritsa nchito pa maphunziro a nchito za manja ndi sayansi. Motero makalasi ambiri a ulimi ndi ukalipentala m'midzi ya England anayamba ndi ndalama za mowa.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1902. Lamulo la caka cimeneco linathetsa mabungwe ang'onoang'ono oposa 2,000 amene anali kuyendetsa sukulu, nilipereka nchitoyo kwa makhonsolo. Sukulu za mipingo, zimene zinali zambiri m'midzi, zinayamba kulandira ndalama za msonkho. Khonsolo inali kulipira aphunzitsi ndi zofunika za tsiku ndi tsiku, pamene mpingo unali kusamala nyumba. Pa oyang'anira 6 a sukulu yotere, 4 anali a mpingo ndipo 2 anali oimira anthu onse. Anthu a mipingo ing'ono, motsogozedwa ndi mbusa wa Baptist dzina lace John Clifford, anakana kupereka gawo la msonkho lopita ku sukulu za mipingo imene sanali kugwirizana nayo. Ambiri analandidwa katundu nagulitsidwa pa msika, ndipo ena anamangidwa. Ife amene sukulu zathu zambiri zinayambidwa ndi mishoni tidziwa kuti funso lakuti mwini sukulu ndani, womanga nyumba kapena wolipira mphunzitsi, silitha msanga.

Mu 1919 makhonsolo a zigawo analoledwanso kuyendetsa malaibulale. Popeza analibe ndalama zomangira nyumba m'mudzi uli wonse, anali kutumiza mabokosi a mabuku ku sukulu za m'midzi, ndipo kawirikawiri mphunzitsi ndiye anali kubwereketsa mabukuwo madzulo popanda malipiro.

Henry Morris ndi makoleji a kumudzi

M'caka ca 1922 khonsolo ya Cambridgeshire inasankha Henry Morris kukhala mkulu wa za maphunziro. Iye anabadwa mu 1889 ku Southport, atate ace anali wokonza mipope ya madzi, anamenya nao nkhondo yoyamba ya dziko lonse, naphunzira ku Cambridge. Cimene anacipeza cinali comvetsa cisoni. Mzinda wa Cambridge, umene unali ndi nyumba za mtengo wapatali, unali kuyendetsa wokha sukulu zace zoyambira, kotero kuti cigawo cinatsala ndi midzi yokha, ndipo cinali cimodzi ca zigawo zosauka kopambana m'dziko lonse. Sukulu zambiri zinali za cipinda cimodzi kapena ziwiri, m'mene ana a zaka 5 ndi a zaka 13 anali kuphunzira pamodzi. Mwana wanzeru anali kupita ku sekondale ya mumzinda osabwereranso, ndipo anyamata ndi atsikana otsala anali kuthawa minda kukafuna nchito m'matauni.

Mu 1924 Morris analembera khonsolo yace cikalata ca maganizo ace. Iye anati ana ang'ono akhalebe m'sukulu za m'midzi yao, koma onse a zaka 11 ndi kupitirira asonkhanitsidwe pa malo amodzi otumikira midzi ingapo, ndipo malowo anawacha koleji ya kumudzi. Mfundo yace yaikulu inali ya ndalama. Khonsolo inali kale ndi nchito zosiyanasiyana m'midzi: sukulu, mabokosi a mabuku, makalasi a akulu a madzulo, ulangizi wa za ulimi, sikelo ya ana. Nchito iri yonse inali ndi komiti yace ndi tindalama tace tocepa. Morris anati zonsezi ziikidwe pansi pa denga limodzi, kuti holo imene ana asonkhanamo m'mawa ikhale ya misonkhano ndi masewero madzulo, ndi kuti cipinda ca ukalipentala citumikire mwana masana ndi atate ace usiku. Tindalama tomwazika tikasonkhanitsidwa tikhoza kumanga cinthu cimene komiti imodzi payokha sikanakhoza.

Makhansala ambiri anali alimi, ndipo sanali ofulumira kuonjeza makobiri pa paundi. Anabvomereza maganizowo, koma ndalama zomangira zinasowa. Morris anayenda napempha kwa anthu acuma ndi kwa mabungwe othandiza, monga la Carnegie ndi lina la ku America lochedwa Spelman Fund. Koleji yoyamba inatsegulidwa ku Sawston mu October 1930, ndipo anaitsegula ndiye mwana wa Mfumu, amene pambuyo pace anakhala Edward VIII. Caka cotsatira, 1931, cuma ca dziko cinagwa. Boma linadula malipiro a aphunzitsi ndi 10 pa 100 iri yonse, nilicepetsa thandizo lomangira sukulu. Nchito inaima zaka zingapo. Makoleji a Bottisham ndi Linton anatsegulidwa mu 1937, ndipo ya Impington mu 1939. Malo a Impington anapereka ndi banja la Chivers, eni fakitale ya jamu ya pafupi pomwepo, ndipo mapulani ace analemba ndi Walter Gropius, mmisiri wochuka wocokera ku Germany, pamodzi ndi Maxwell Fry. Nyumbayo inali ya mazenera akulu olowetsa dzuwa, ndipo inali ndi mbali yace ya anthu akulu. Nkhondo yaciwiri inaimitsanso zonse, kotero kuti koleji yacisanu, ya Bassingbourn, inatsegulidwa mu 1954, caka cimene Morris anapuma pa nchito. Iye anamwalira mu 1961.

Taonani kutalika kwa ulendowu. Kucokera pa cikalata ca 1924 kufikira 1954 papita zaka 30, ndipo makoleji anali asanu okha. Pa zaka zonsezo nkhani inali kubwera ku komiti, kukanidwa, kucedwetsedwa, kubwezedwa ndi ziwerengero zatsopano. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Makoleji ena anamangidwa m'zaka zotsatira, ndipo zigawo zina zinatengera nzeru yakuti sukulu itumikire mudzi wonse.

Tisabise kuti njirayi inali ndi zowawa zace. Sukulu ya m'mudzi itacotsedwa ana akulu inatsala ndi ana ocepa, ndipo m'kupita kwa nthawi zina zazing'ono zinatsekedwa. Ana a zaka 11 anayamba kuyenda ulendo wa basi kapena njinga tsiku ndi tsiku, ndipo khonsolo inapeza ndalama za maulendowa ziri kukula m'bajeti yace. Mphunzitsi wamkulu wa m'mudzi, amene kale anali kulera mwana kufikira atatsiriza sukulu, tsopano anali kumpereka kwa ena pakati pa njira.

Za kagawidwe ka malo

Nchito yacitatu inafika mocedwa. Pakati pa nkhondo ziwiri zija, munthu wokhala ndi munda m'mbali mwa mseu anali ndi ufulu woudula ndi kugulitsa kwa omanga nyumba. Nyumba zinandandalika m'mbali mwa miseu yoturuka m'mizinda, minda yabwino inatha, ndipo makhonsolo anabvutika kufikitsa madzi ndi sukulu kwa anthu okhala motalikirana motero. Lamulo la 1947, limene linayamba kugwira nchito pa 1 July 1948, linati munthu asamange kapena kusintha nchito ya malo ace popanda cilolezo, ngakhale malowo ndi ace. Nchito za ulimi zokha ndizo zinasiyidwa zomasuka. Maulamuliro oyang'anira za malo anacepetsedwa kucokera pa 1,441 kufika pa 145, ndipo m'madera a kumidzi mphamvuyo inapatsidwa kwa makhonsolo a zigawo. Khonsolo iri yonse inalamulidwa kulemba mapu osonyeza pa nyumba, pa mafakitale, pa sukulu ndi pa minda, ndi kuwaonanso zaka zisanu ziri zonse.

Khonsolo ya Cambridgeshire inapempha akatswiri awiri, William Holford ndi Myles Wright, kuti aiunikire. Lipoti lao la 1950 linati mzinda wa Cambridge usakule kupitirira anthu ngati 100,000, mafakitale akulu asaloledwe kubwera, ndipo anthu oonjezereka azikhala m'midzi yozungulira. Khonsolo inatsata maganizowa zaka zambiri popereka ndi pokana zilolezo. Minda yozungulira mzinda inasungika, ndipo midzi ina imene inali kutha inakulanso, ndi ana odzaza makoleji aja. Koma nyumba za mumzinda zinakwera mtengo, ndipo ambiri mwa obwera m'midzi anali ogwira nchito m'tauni, ogona cabe kumudzi. Lipoti lina la ku yunivesite la 1969 linapempha kuti nchito za sayansi ziloledwe, ndipo mu 1970 koleji ya Trinity inayambitsa malo a makampani a sayansi m'mphepete mwa mzinda. Cigamulo ca malo cikalakwika sicikonzeka msanga, pakuti nyumba ikamangidwa pa munda, mundawo wapita.

Khonsolo ya Morris yomwe inasintha. Mu 1965 inaphatikizidwa ndi ya Isle of Ely, ndipo mu 1974 ndi ya Huntingdon ndi Peterborough. Msonkho wa makobiri pa paundi ya nyumba zokhalamo unatha mu 1990, ndipo kuyambira 1993 pali msonkho wina wa nyumba. Makoleji a Sawston ndi Impington akali kuphunzitsa ana, ngakhale tsopano ndalama zao zicokera ku boma la ku likulu.

Zimene zinafika kwathu kuno

Mbiri iyi itikhudza cifukwa makhonsolo athu anaumbidwa potengera a ku England. Mu 1929 boma la Northern Rhodesia linakhazikitsa maulamuliro a mafumu, ndipo lamulo la 1936 linawapatsa mosungira cuma mwao, mmene munali kulowa gawo la msonkho ndi ndalama za milandu ndi malaisensi. Mu 1947 Arthur Creech Jones, nduna yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain, analembera abwanamkubwa a mu Africa kuti akhazikitse maulamuliro a m'madera okhoza nchito ndi oimira anthu. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kunaikidwa makomiti a maphunziro m'maboma, mmene munakhala a boma, a mishoni ndi oimira mafumu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la 1965 linaika makhonsolo a kumidzi osankhidwa m'malo mwa maulamuliro a mafumu. Lamulo lathu lalikulu la mapulani a malo linatengeranso la ku England la 1947, ndipo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015. Bvuto la Cambridgeshire lija nalonso tiri nalo, lakuti dera la alimi liri ndi zosowa zambiri koma zokhometsa msonkho zocepa, kotero kuti liyang'ana ku likulu. Mu 2022 ndalama za citukuko za dera liri lonse la phungu zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zambiri za ndalamazi zidzera m'makomiti a m'mawodi ndi m'khonsolo.

Tsono, aphunzitsi anzanga, m'midzi yambiri mphunzitsi ndiye munthu wozolowera kuwerenga ziwerengero ndi kulemba kalata yomveka. Morris analibe voti m'khonsolo yace. Cimene anali naco ndico kudziwa mwezi umene bajeti ilembedwa, komiti imene isunga ndalama zakuti, ndi mtengo weniweni wa cimene anali kupempha. Ifenso tidziwe tsiku limene komiti ya wodi yathu ikhala, ndipo tipiteko ndi ciwerengero ca ana, ca madesiki ndi ca malata osowa, nkhani isanatsekedwe. Tifunse ngati malire a malo a sukulu yathu analembedwa, mudzi usanakule ndi kudya bwalo la masewero ndi dimba. Popempha cipinda catsopano, tiganize ngati cingatumikirenso makolo madzulo kapena amai a sikelo, pakuti pempho lothandiza nchito ziwiri limveka msanga kwa osunga cuma. Ndipo m'kalasi la masamu, ana akulu akhoza kuwerengera msonkho wa nyumba ya mapaundi 12 ija, kenaka nkufunsa makolo ao za ndalama zimene khonsolo itenga pa msika ndi kumene zipita.